Nsikidzi Zomwe Sindinabwere Nazo

Ndikukumbukira tsiku lomwe ndinachoka kwathu ku Simlemba, nditakhala pa kaliyala ya njinga ya bambo, mphasa yanga itakulungidwa n'kumangidwa chopingasa kumbuyo, moti tikamapishana ndi ngolo tinkachita kutsika. Masiku amenewo sukulu zinkatsegulira mu Januwale. Msewu unali matope okhaokha, ndipo mbali zonse ziwiri fodya anali atafika m'mawondo, wobiriwira mpaka komwe maso ankalekezera. Bambo ankangopalasa, thukuta likudontha kukhosi, nthawi ndi nthawi n'kufunsa ngati miyendo yanga yachita dzanzi.

Bambo anali tenanti pa esiteti ya fodya, ndipo sukulu yapafupi ndi kumeneko inkalekezera Sitandade 5. Anzanga onse omwe tinamaliza nawo kalasi imeneyo anangolowa m'munda. Ine ndinali ndi mwayi umodzi: azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anakwatiwa pa kamsika kena ka ku Kaomba, pafupi ndi sukulu yofika mpaka Sitandade 8. Anavomera kunditenga.

Amuna awo, a Chisale, omwe ine ndinkawaitana kuti amalume, anali ndi shopu kutsogolo kwa nyumba. Ankagulitsa sopo, mchere ndi palafini, koma chomwe ankadziwika nacho chinali mabulangete, zitenje ndi matiresi, zomwe alimi ankadzagula akagulitsa fodya. Anali munthu waukhondo mopitirira. Malaya awo ankachita kuwala, ndipo ntchentche ikatera pa kauntala ankaithamangitsa ngati ili ndi mlandu. Kupatula shopuyo ndi mwana wawo wakhanda Dalitso, chinthu chomwe ankachikonda kwambiri chinali nkhunda. Ankazidziwa imodziimodzi. Madzulo ankaima pabwalo ndi chigoba cha mphale, akuimba mluzu, nkhunda n'kumatera pamapewa pawo.

Anandilandira bwino, ndisaname. Anandionetsa kachipinda kakumbuyo komwe kale kanali kosungiramo katundu. Chapamwamba pa khoma panali zibowo zotulukira kunja, ndipo azakhali anandiuza kuti nkhunda zinkagona m'menemo zaka zonsezi, m'makatoni omwe anasanjikidwa pamwamba pa khoma. Atamva kuti ndikubwera, amalume anamanga khola latsopano kuseri kwa bafa, n'kusamutsira nkhunda zonse kumeneko, zibowo zija n'kutseka ndi njerwa. Pansi anakolopa mpaka kunyezimira. Ine amene kwathu ndinkagona ndi azing'ono anga atatu pamphasa imodzi, ndinaona ngati andipatsa nyumba yonse.

Kusukulu, mphunzitsi wathu wa sayansi anali Madamu Mkandawire, mayi wamtali, wakuda bii, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Tsiku loyamba nditayankha funso, anzanga anaseka mayankhulidwe anga, poti kwathu tinkasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka osazindikira n'komwe. Madamu anayang'ana kalasi yonse mpaka kuseka kunazima, kenako anandifunsa m'Chitumbuka kuti, “Ukufuma nkhu, mwana wane?” Nditayankha kuti ku Simlemba, anagwedeza mutu n'kupitiriza phunziro. Kuyambira tsiku limenelo sindinamvenso kuti ndine mlendo m'kalasi mwawo.

Phunziro lomwe sindidzaliiwala linabwera patangopita masabata ochepa. Anatiuza kuti mawa lake aliyense abwere ndi kachilombo kamoyo. Ambirife tinabwera ndi ziwala, chifukwa m'tchire la kuseri kwa sukulu zinali mbwee. Vuto linali loti ife chiwala tinkachidziwa ngati ndiwo. Dzanja likangochigwira, limathothola lokha mapiko ndi miyendo yakumbuyo. Choncho Madamu atalamula kuti tiwerenge miyendo, mnyamata wina dzina lake Gomezgani anaimika dzanja monyadira n'kunena kuti inayi. Mnzake anati itatu. Wina anangogwira kukamwa, poti chiwala chake anali atachiwotcha kale pa nthawi yopuma. Madamu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kutitumanso kutchire.

Titabwerako ndi ziwala zathunthu, anatulutsa m'chikwama mwawo kagalasi kokuzira zinthu. Mchimwene wawo ankagwira ntchito ku Lifupa, kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo anawapatsa galasilo kuchokera m'chida china choonera nyama patali chomwe chinathyoka. Iwo analikulunga ndi waya n'kupanga chogwirira. Tinkadutsa mmodzimmodzi pa tebulo lawo. Itafika nthawi yanga, ndinaona chinthu chomwe ndinali nditadya moyo wanga wonse osachiona. Mutu wa chiwala unali ndi maso akuluakulu owala ngati mikanda, tinyanga tiwiri tikugwedezeka, ndi kukamwa kotafuna cham'mbali osati chokweza ndi kutsitsa ngati ife. Madamu ankaloza ndi kaudzu. Kuseri kwa mutu kuli chifuwa, ndipo miyendo yonse isanu ndi umodzi imamera pamenepo, mapikonso pomwepo. Kumapeto kuli mimba, yogawikana timizeremizere ngati mphete. M'mbali mwa mimbayo anationetsa timabowo ting'onoting'ono, n'kutiuza kuti chiwala chimapumira m'menemo. Kalasi yonse inakana. Chinthu chingapumire bwanji m'nthiti? Koma tikayang'anitsitsa, mimba ija inkafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa.

Mtsikana wina anali atabweretsa kangaude m'botolo. Madamu analikweza m'mwamba n'kutiwerengetsa. Miyendo isanu ndi itatu, tinyanga palibe, mapiko palibe. “Uyu si wa banja la chiwala,” anatero. “Ntchentche, mphemvu, chiswe, nankafumbwe, nsikidzi, onsewo ndi pachibale ndi chiwala. Koma kangaude abale ake ndi nkhupakupa ndi chinkhanira. Musamatchule dzina la chinthu musanachiyang'ane.” Tinalemba, belu linalira, tinaiwala n'kuthamangira kukasewera fulaye.

Nthawi imeneyo n'kuti mavuto atayamba kale kunyumba. Ndinkadzuka m'mawa mikono ndi khosi zili totupa tofiira, toyabwa ngati chitedze. Poyamba ndinkati ndi udzudzu, n'kumabisa ndi juzi ngakhale kukutentha. Koma totupato tinkachuluka, tina n'kusanduka zilonda chifukwa chokanda. Kenako tinayamba kuoneka pa Dalitso. Makoma a m'kati mwa nyumbayo sankafika kudenga, ndipo chipinda cha azakhali chinali chogundana ndi changa. Mwanayo ankalira osatonthola, timiyendo take titatupa, akukana ngakhale bere.

Tsiku lina m'mawa azakhali akukutumula zofunda zanga, panagwa kachilombo kophwatalala, kofiirira, kokhuta magazi. Amalume anakaponda ndi chidendene cha nsapato, n'kutsala kadontho kakuda pasimenti. Anayang'ana kadonthoko, kenako anayang'ana ine.

“Nsikidzi,” anatero motsitsa mawu. “Nyumba ino ndamanga ndekha, sinaonepo nsikidzi. Zabwera ndi mphasa iyi.”

Kumidadada ya matenanti nsikidzi zinaliko ndithu, ngakhale kuti mayi anga ankalimbana nazo ndi madzi otentha mlungu uliwonse. Ndinakhulupirira kuti amalume akunena zoona.

Tsiku lomwelo mphasa yanga inatenthedwa kudzala. Inali mphasa yomwe mayi anasinthanitsa ndi nkhuku yawo yoikira, ndipo ndinaima patali kuonerera bango likuthetheka, utsi ukulowera kumunda wa fodya wa aneba. Zovala zanga zonse ndi bulangete zinaphikidwa mumgolo. Yunifolomu inatuluka itachucha mtundu, yofupika mpaka pamwamba pa mawondo. Pansi pa chipinda anawazapo palafini, m'makona anaikamo zinyenyeswa za fodya, amalume anapoperanso mankhwala a m'chitini a mushopu mwawo mpaka tonse tinkatsokomola. Ndinayamba kugona pa masaka. Kwa masiku angapo zinthu zinakhala ngati zadekha, kenako totupa tinabweranso, toposa kale.

Amalume sanali munthu wankhanza, koma mantha anawagwira. Msika wa fodya unali pafupi kutsegulidwa, mabulangete ndi matiresi atadzaza mashelefu. Pa kamsika kakang'ono ngati kaja, mphekesera yoti kwa Chisale kuli nsikidzi ikanakwana kuti katundu yenseyo aolere momwemo. Kuwonjezera apo mwana wawo ankavutika. Anasiya kundiyang'ana kumaso. Anandiletsa kulowa mushopu ndi kunyamula Dalitso, amene ndinali nditazolowera kumubereka ndikaweruka. Lachitatu lina masana ndikutsuka mbale kuseri, ndinawamva akuyankhula ndi azakhali pakhonde.

“Amake Dalitso, ine ndayesetsa. Lamulungu pali lole yopita cha ku Simlemba. Mwanayu akwere, akakhale kaye kwawo mpaka zinthuzi zithe.”

“Bambo a Dalitso, mukudziwa kuti akapita sabweranso. Ino ndi nthawi yothyola fodya.”

“Nanga wathuyu afe ndi zilonda?”

Azakhali ankadziwa, inenso ndinkadziwa, chomwe chinkandidikira kwathu: kuthyola fodya mame ali tho, kusoka masamba pansi pa chigafa choyanikamo fodya mpaka msana kuuma, manja akuda ndi phula losachoka ndi sopo. Mwana wa tenanti akalowa m'chigafa pakati pa teremu, sukulu imathera pomwepo. Palibe amene amakuletsa kubwerera, kungoti ntchito siitha.

Mawa lake ndinasinza m'kalasi la sayansi. Ndinadzidzimuka anzanga atatuluka kale, Madamu Mkandawire ataima pambali panga. Ndinayembekeza chibalo. M'malo mwake anandigwira dzanja n'kukwinya mkono wa juzi. Anayang'ana zilonda zija nthawi yaitali. Atandifunsa chomwe chinkandiluma, ndinachita manyazi, koma poti anafunsa m'Chitumbuka, chiyankhulo cha mayi anga, zonse zinangotuluka pamodzi ndi misozi: za mphasa, za Dalitso, za lole ya Lamulungu.

“Nsikidzizo unaziona ndi maso ako?” anafunsa.

“Amalume anaiona imodzi, Madamu. Anaiponda.”

“Ndiye kuti munaona magazi. Mawa undibweretsere imodzi yamoyo.” Anakhuthula machesi m'kabokosi n'kundipatsa kopanda kanthu.

M'mawa mwake, kutangoyera, ndinafufuza m'masaka momwe ndinkagona koma sindinapeze kanthu. Ndinayang'ana m'makona, osapezanso. Ndili pafupi kutaya mtima ndinaona kanthu kakukwera khoma pang'onopang'ono, kakulowera mumng'alu cha pamwamba pa zenera. Ndinakwera pa ndowa, n'kukatokosola ndi kaudzu ka tsache mpaka kanagwera m'kabokosi. Njira yonse yopita kusukulu ndinakafumbata ngati ndanyamula khala lamoto, kuopa kuti wina angandifunse chomwe chili m'katimo.

Pa nthawi yopuma Madamu anandiitanira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Anakhuthulira kachilomboko pa mbale yoyera ya enamelo, n'kundipatsa galasi lija. Iwo sanayang'ane n'komwe.

“Undiuze zomwe ukuona. Yamba ndi mutu.”

Ndinayang'ana. Kanali kophwatalala ngati njere ya dzungu yaing'ono, khungu lake lokhakhala ngati chikopa chouma. Ndinafunafuna mutu koma sindinauone. Thupi lonse linali chinthu chimodzi, popanda polekezera chifuwa kapena poyambira mimba.

“Mutu sukuoneka, Madamu.”

“Tinyanga?”

“Palibe.”

“Werenga miyendo.”

Kankayenda, choncho ndinasokonezeka n'kuyambiranso. Mbali imodzi inayi. Mbali inayo inayi. Ndinakweza maso.

“Isanu ndi itatu.”

“Nsikidzi ili ndi ingati?”

“Isanu ndi umodzi, Madamu. Ndi m'bale wa chiwala.”

“Nanga uyu ndi m'bale wa yani?”

Ndinanena motsitsa, ngati ndikuopa kuti mawuwo angathawe: “Si nsikidzi.”

Apo m'pamene anatenga galasi n'kuyang'ana okha. Anakagudubuza chagada ndi kaudzu n'kundionetsa kukamwa kwake, kobisika kunsi kwa thupi. Anati ndi mtundu wa nkhupakupa zofewa zomwe akuluakulu amazitcha nkhufi, ndipo zamtundu umenewu zimakonda mbalame zoweta. Sizikakamira pathupi ngati za galu. Zimayamwa n'kubwerera kukabisala m'ming'alu, ndipo zimatha kukhala nthawi yaitali osadya. Atandifunsa ngati kunyumba kuli nkhuku kapena nkhunda, ndinawafotokozera za makatoni aja ndi zibowo zotsekedwa ndi njerwa. Anaomba m'manja kamodzi.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Ndinaganiza za amalume ataima pabwalo nkhunda zili pamapewa. Ine, mwana wodya nawo, ndikawauze kuti chomwe chikudya mwana wawo chachokera ku nkhunda zawo? Madamu anaona nkhope yanga n'kumvetsa. “Iwe usakanene kanthu,” anatero. “Ukangowauza azakhali ako kuti mawa ndibwera kudzaona zitenje.”

Loweruka dzuwa litakwera anafikadi, atavala chilundu ndi duku ngati mayi wina aliyense wa pamsika. Anapereka moni mwaulemu, anafunsa za malonda, anasankha chitenje chimodzi osafulumira. Anayamikira nkhunda zomwe zinkatera padenga, amalume n'kuyamba kufotokoza za mtundu uliwonse, nkhope itawala koyamba m'masabata ambiri. Kenako Madamu anapempha kunyamula Dalitso, anaona timiyendo take, n'kupukusa mutu mwachisoni.

“Bambo Chisale, ine si dokotala,” anatero, “koma Esnati anandibweretsera kachilombo kamodzi kusukulu, ndipo kandizunguza mutu. Maso angawa ayamba kutopa. Mwina inu mungandithandize kuwerenga miyendo yake.”

Maso a Madamu anali akuthwa kuposa a tonsefe, moti ankatha kuona mwana akutafuna chimanga kumbuyo kwenikweni kwa kalasi. Koma amalume sankadziwa zimenezo. Analandira galasi monyinyirika, n'kuwerama pa kauntala yawo yonyezimira, pomwe Madamu anali atakhuthulirapo kachilombo kaja pa kapepala. Anawerenga mokweza ngati akuwerenga katundu. Atafika pa isanu ndi itatu, Madamu anawafunsa ngati anaonapo nsikidzi pafupi. Amalume anati anazionapo zambiri ali mnyamata, pomwe ankagona m'malo ogona alendo popita kukapikula katundu. Anakumbukira okha kuti nsikidzi ili ndi kamutu koonekera ndi tinyanga, ndipo ukaiphwanya imanunkha fungo lake lija. Ananunkhiza kapepalako. Anayang'ananso pagalasi.

“Aka ndi kena,” anatero.

“Esnati, kawaonetse amalume ako pomwe unakapeza.”

Tinalowa tonse m'kachipinda kanga. Ndinaloza mng'alu uja. Amalume anabweretsa makwerero ndi tochi, n'kukwera okha. Pamwamba pa khoma, pomwe chikolopa sichinkafika, panali patatsala zitosi zouma, nthenga ndi tiudzu ta zisa zakale. Anatokosa pulasitala wofufuma ndi mpeni, chibanthu chinagwa, ndipo anabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi moti azakhali anachita kugwira makwerero. Kuseri kwa chibanthucho nkhufi zinali zitaunjikana, zazikulu ndi zazing'ono, zikuthawa kuwala kwa tochi. Anatsata khomalo mpaka pomwe linkadutsira kuchipinda chawo. Nakonso zinaliko.

Anatsika pang'onopang'ono, malaya awo oyera ali fumbi lokhalokha. Ndi Madamu amene anayamba kuyankhula.

“Munachita chinthu chabwino, bambo, kutulutsa nkhunda kuti mwana apeze pogona. Kungoti nkhundazo zinasamuka zokha, n'kusiya izi zilibe chakudya. Zikanaluma aliyense wogona muno, ngakhale bishopu.”

Azakhali anaphulika kuseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi. Amalume sanaseke. Anatuluka n'kukaima kudzala, pomwe panali phulusa la mphasa yanga, manja ali m'chiuno. Anakhalako kanthawi ndithu. Pobwerera anafunsa Madamu chinthu chimodzi chokha: “Ndiye titani?”

Lole ya Lamulungu inapita popanda ine. Sabata yotsatirayo nyumba inasanduka malo a ntchito. Tonse tinasamukira pabalaza. Amalume anaitana mlangizi wa ziweto, amene anabwera ndi mankhwala oyenera n'kupopera pamwamba pa makoma, m'mitengo ya denga ndi m'khola latsopano lija, poti nalonso linali litayamba kugwidwa kudzera m'makatoni akale. Makatoniwo anatenthedwa. Zitosi zinapalidwa, ming'alu yonse inamatidwa ndi simenti, makoma anapakidwa laimu mpaka kudenga. Dalitso anapita naye kuchipatala kukalandira mankhwala opaka. Pasanathe nthawi yaitali anayambanso kugona bwino, zilonda zanga zinauma, ndipo ndinabwezeredwa udindo wanga womubereka.

Amalume sananene kuti pepa. Anthu a msinkhu wawo sankapepesa mwana ndi pakamwa. Koma tsiku lomwe ndinabwerera m'chipinda changa, ndinapeza matiresi atsopano ali m'pulasitiki mwake, pamwamba pake pali bulangete la mushopu ndi nsalu ya yunifolomu. Ndinali ndisanagonepo pa matiresi chibadwire, ndipo masiku oyamba ndinkaopa kuchotsa pulasitikiyo, moti ndikatembenuka nyumba yonse inkamva. Lamulungu lotsatira anapha maunda a nkhunda zawo, chinthu chomwe sankachita ngakhale pa Khirisimasi. Awiri anatumiza kwa Madamu. Patebulo anatenga lonona kwambiri n'kuika m'mbale mwanga osandiyang'ana, n'kunena kuti, “Idya, a sayansi.” Dzinalo linandikakamira mpaka ndinachoka pamudzipo.

Ndinakhala nawo mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo ndi amalume omwewo amene anandiperekeza ku sekondale atanyamula sutikesi yanga pamutu. Pambuyo pake ndinaphunzira za umoyo wa malo okhala anthu, ndipo lero ntchito yanga ndi yoyendera nyumba, masukulu ogonera konko ndi mosungira chimanga ndi fodya, kufufuza tizilombo toononga. Ku koleji, tsiku lomwe tinaphunzira za nkhupakupa, mphunzitsi anatiuza kuti ana a nkhupakupa akangoswedwa amakhala ndi miyendo isanu ndi umodzi yokha, iwiri yotsalayo imabwera akamakula. Anzanga anangolemba. Ine ndinakumbukira kabokosi ka machesi kaja. Ndikanatokosola kakang'ono m'mawa uja, kuwerenga kwanga kukanagwirizana ndi mlandu womwe ndinkaimbidwa. Nditawafotokozera Madamu zimenezi patapita zaka, atapuma kale ntchito, anaseka n'kunena kuti n'chifukwa chake anandiyambitsa ndi mutu ndi tinyanga, miyendo n'kubwera pomaliza. Iwo ankadziwa kale. Anatisiya zaka zingapo zapitazo, ndipo pa maliro awo tinakumana ambiri omwe tinadutsa pa tebulo lawo, aliyense ali ndi nkhani yake.

Zinthu zasintha kwambiri. Kamsika kaja tsopano kali ndi magetsi, nyumba zambiri zili ndi siling'i, ndipo ana a masiku ano amajambula kachilombo pa foni n'kukakulitsa ndi zala ziwiri mpaka kuoneka ubweya wa m'miyendo. Mankhwala ophera tizilombo ali paliponse, m'mashopu ndi m'misika, ena opanda ngakhale chizindikiro. Chomwe sichinasinthe ndi changu cha anthu. Nthawi zambiri ndikaitanidwa kunyumba, ndimapeza atapopera kale mankhwala amitundumitundu, ndipo wolakwa atapezeka kale. Amakhala mtsikana wantchito amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi, kapena mwana wa m'bale, ataima pakona manja ali kumbuyo. Nthawi zina zimakhaladi nsikidzi, ndipo ndimanena mosabisa, ngakhale kuti nazonso sizisankha nyumba ya wolemera kapena wosauka. Koma sinditsegula chikwama cha mankhwala ndisanagwire kachilombo kamodzi kamoyo n'kuwaonetsa eni nyumba kuti aone okha.

Amalume akalipo, akalamba, shopu anasiyira Dalitso. Nkhunda akuwetabe, khola lili patali ndi nyumba ndipo amalipaka laimu chaka chilichonse. Nkhaniyi amaikonda kwambiri, kungoti mmene amaikambira iwo, ndi iwowo amene anayamba kukayikira kuti sizinali nsikidzi. Azakhali akafuna kuwatsutsa ndimawatsina mwakachetechete. Mwezi wathawu ndinawayendera ndili pa ulendo wa kuntchito, ndipo ndinawapeza pakhonde ndi mnzawo wina wachikulire yemwe sankandidziwa. Mlendoyo atafunsa kuti mayiwa ndi ndani, amalume anandigwira dzanja.

“Uyu ndi woyamba kubadwa m'nyumba muno,” anatero. “Dalitso ndi wachiwiri.”